Khate la Uziya Lidabuka Liti?

Nkhani ya Uziya, mfumu ya Yuda, idalembedwa kawiri m'Baibulo, ndipo alembi awiriwo sadaione ndi diso limodzi. Mlembi wa 2 Mafumu, amene amaitchula mfumuyi kuti Azariya, adaipatsa mavesi 7 okha m'mutu 15. Idalowa ufumu ili ndi zaka 16, idalamulira zaka 52 ku Yerusalemu, idachita zolungama, kenaka idagwidwa khate. Chomwe idalakwa sachitchula mwachindunji. Mlembi wa 2 Mbiri ndiye adatola mafupa omwewa n'kuwaveka mnofu m'mutu 26, ndipo luso lake n'loyenera kuliunika.

Theka loyamba la mutuwu ndi mndandanda wa zipambano. Uziya adagonjetsa Afilisti, adamanga nsanja, adakumba zitsime zambiri poti adali wokonda ulimi, ndipo adali ndi asilikali 307,500. Alaliki ambiri amakonda gawo limeneli, makamaka pa mwambo wodzoza atsogoleri a mpingo. Koma mlembi adatchera msampha koyambirira. Iye akuti zinthu zinkamuyendera Uziya masiku amene ankafunafuna Mulungu, pomwe munthu wina dzina lake Zekariya ankamulangiza. Kuchokera pamenepo Zekariya samvekanso. Zida zikuchuluka, mbiri ikufika mpaka kumalire a Igupto, koma mlangizi uja wazimirira m'nkhani mwakachetechete.

Tsono mfumu, itadzimva mphamvu, ikulowa m'Kachisi kukafukiza lubani, ntchito imene idali ya ansembe okha. Wansembe Azariya akuitsatira pamodzi ndi anzake 80 olimba mtima, ndipo akuiuza maso ndi maso kuti ituluke. Funso langa lili apa: kodi khate lidabuka liti? Ambirife timayankha kuti lidabuka pomwe Uziya adalowa malo osayenera. Werengani bwino vesi 19. Adalowa, khungu lili bwino. Adagwira chofukizira, khungu lili bwino. Adadzudzulidwa, khungu lili bwino. Khate lidabuka pamene adawapsera mtima omudzudzulawo. Mlembi adasiya kampata pakati pa kulakwa ndi chilango, ndipo m'kampata kameneko mudali mwayi wolapa. Davide, atalasidwa ndi fanizo la mneneri Natani, adagwiritsa ntchito kampata kotere navomera tchimo lake. Uziya adakataya.

Onaninso malo amene khatelo lidasankha: pamphumi. Malinga ndi Eksodo 28, pamphumi ndi pomwe mkulu wa ansembe ankavala kachitsulo kagolide kosonyeza kuti ndi wopatulika. Munthu amene adalakalaka ulemu wa wansembe adalandira chizindikiro pamalo omwewo, koma chomutulutsa m'Kachisi moyo wake wonse. Adakakhala m'nyumba yapadera, mwana wake Yotamu n'kumayendetsa dziko.

Ine ndagwira ntchito m'boma zaka zochuluka ndithu, ndipo Uziya ndidakumana naye. Tidali ndi bwana wina wakhama, mkulu wa mpingo kumene, amene adakonza zambiri mu ofesi yathu. Tsiku lina kalaliki wachikulire adamuuza mwaulemu kuti, "Bwana, pepala ili musasaine, silidadutse kwa owerengera ndalama." Bwanayo adamenya tebulo. Kalaliki uja adasamutsidwa, ife tonse tidaphunzira kutseka pakamwa. Patapita nthawi, nkhani ya pepala lomwelo ndiyo idamuchotsa pampando. Chidamugwetsa si kulakwitsa, pakuti aliyense amalakwitsa, koma kuthamangitsa munthu yekhayo amene adali ndi mtima womuchenjeza. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi.

Komabe pali pena pomwe nkhaniyi iyenera kugwiridwa mosamala. Mlembi wa Mbiri amakonda kulumikiza tsoka lililonse ndi tchimo, ndipo wowerenga wosasamala angayambe kuloza chala odwala kuti akukolola zomwe adafesa. Tidaona m'mene maganizo otere adazunzira abale athu odwala khate, ndipo pambuyo pake odwala Edzi. Buku la Yobu, ndiponso yankho la Yesu pa nkhani ya munthu wobadwa wosaona m'mutu 9 wa Yohane, zimatsutsa kaganizidwe kameneka. Phunziro la Uziya silili pa matenda ayi, lili pa khutu.

Choncho Mkhristu amene wapatsidwa udindo, kaya ndi tcheyamani wa kwaya, mlembi wa mpingo, nyakwawa kapena bambo wa pabanja, asadziyese ndi nsanja zimene wamanga. Adzifunse kuti Zekariya wake ali kuti, ndiponso kuti munthu womaliza amene adamuuza kuti walakwa adamuchita chiyani. Ngati papita zaka osamva mawu otere, asaganize kuti wasiya kulakwa. Mwina anthu angosiya kumuuza.