Za Nkhani za Madotolo Oononga Anthu

Anyamata ena a kuno ku Mwanza ayamba kumvera pa lamya zao nkhani zochedwa podcast, zofotokoza milandu yoopsa. Imodzi yomveka mwa izo ndiyo Dr. Death, imene Laura Beil anaisimba m'caka ca 2018. Inena za Christopher Duntsch, dotolo wa opareshoni ya msana ku Texas, amene anapweteka odwala 33 mwa 38, awiri namwalira. Ndipo m'caka ca 2017 anamweruza kukhala m'ndende moyo wace wonse.

Tiiyamika nkhaniyi pa cinthu cimodzi cacikuru. Siimirira pa kuipa kwa munthu mmodziyo ai, koma ionetsa kuti zipatala zinaona nchito zace, nizimlola acoke mwakacetecete osamneneza, iye nakalowa cipatala cina. Akadapanda kulimbika madotolo awiri, Robert Henderson ndi Randall Kirby, odwala enanso akadalemala.

Tisayese kuti izi nza kutali. Mseu wathu wopyola pa Zobue ndi Tete ufika ku Zimbabwe, ndipo kumeneko, pa cipatala ca Misyoni ca Mnene, Michael Swango wa ku America analandiridwa m'caka ca 1994. Munthuyo anali atamangidwa kale kwao mu 1985 cifukwa ca kuthira anzace a pa nchito mankhwala akupha. Koma akuru a Misyoni, posowa madotolo, anakhulupirira makalata ace. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Odwala atayamba kufa modabwitsa anamcotsa, nakapezanso nchito ku Lusaka. M'caka ca 2000 anamweruza ku America pa imfa za kumeneko, koma mlandu wa akufa a ku Mnene sanauyankhe pa bwalo.

Tsono pali cimene tidandaula naco pa nkhani za mtundu uwu. Azikometsera ndi nyimbo zocititsa nthumanzi, nazidula pakati kuti womvera alakelake mawa, monga nthano ya madzulo. Potero maliro a eni ace asanduka cosangalatsa. Ndiponso womvera wosazindikira angoturukamo ndi mantha, nati, Madotolo onse ngotere. Ife tikumbukira mbiri ya anamapopa ya 2017, umo inaphetsera anthu osacimwa ku Mulanje ndi ku Phalombe. Mai wapakati akaopa cipatala ca Mwanza nabereka kumudzi cifukwa ca nkhani ya ku Texas, nkhaniyo yamlakwira.

Cifukwa cace titi, mverani, koma mutolemo nzeru yace. Oyang'anira zipatala afufuze makalata a mlendo ali yense asanampatse mpeni. Namwino woona coipa asakhale cete poopa mkuru wace, pakuti wakutsina khutu ndiye mnansi. Ndipo wodwala adziwe kuti lamulo la 1987 linakhazika Medical Council of Malawi, bungwe lolemba maina a madotolo ndi kumva madandaulo. Kufunsa dzina la wokuciza si mwano ai.