Khutu la Womvera: Kuunika Phwando la Nyimbo za Chimwenye

Pa 1 Ogasiti 1971, m'bwalo la Madison Square Garden ku New York, Ravi Shankar ndi George Harrison adakonza phwando la nyimbo lothandiza anthu othawa nkhondo ya ku East Pakistan, dziko lomwe lero ndi Bangladesh. Shankar anali pa sitar, Ali Akbar Khan pa sarod, Alla Rakha pa ng'oma za tabla, ndipo Kamala Chakravarty anali pa tanpura. Akatswiriwa atangomaliza kuchuna nsambo, khamu lidawomba m'manja poganiza kuti nyimbo yatha. Shankar adawauza mwanthabwala kuti ngati kuchunako kwawasangalatsa chotero, nyimbo yeniyeniyo iwakomera koposa.

Ambiri amakamba nkhaniyi pofuna kuseka umbuli wa omverawo. Ife tikuona kuti chiweruzo chotere ndi chachangu. M'mwambo wa Hindustani, wa kumpoto kwa India, malire a kuchuna ndi kuimba ndi opyapyala kwambiri. Tanpura imalira mosalekeza kuti ikhazikitse liwu la maziko lotchedwa Sa, ndipo gawo loyamba, alap, limayamba pang'onopang'ono popanda ng'oma. Woimba amavundukula raga liwu limodzilimodzi, ngati munthu wodziwitsa mlendo abale a pakhomo. Khutu lachilendo silingadziwe msanga pamene kukonzekera kwathera. Choncho omvera aja adamva kukoma kwenikweni, koma adasowa chinenero choyankhira.

Apa ndiye pagona nkhani. Pa phwando lotere womvera sangokhala ngati chitsa. Gawo la gat likayamba, tabla imalowa ndi tala, womwe ndi mzunguliro wa kugunda. Teental ili ndi kugunda 16, m'magawo anayi a kugunda kunayi. Woimba amatha kusochera dala, kupeka mawu pomwepo, kenaka n'kudzatera ndendende pa sam, kugunda koyamba kwa mzungulirowo. Omvera odziwa amawerenga ndi zala, ndipo iye akatera bwino amapukusa mitu n'kufuula kuti "wah", nyimbo ili mkati. Monga momwe nthano imafera pakamwa popanda oyankha kuti "tili tonse", luso lotera pa sam limapita pachabe ngati palibe amene akuwerenga. Mutu umodzi susenza denga.

Tikaonetsetsa, Shankar ankalidziwa vutoli. Tsiku limenelo sadaimbe raga yathunthu, imene imatha kupitirira ola. Adasankha "Bangla Dhun", nyimbo yopepukirapo yochokera m'maimbidwe a anthu wamba a ku Bengal. Chisankhochi chinali chanzeru, pakuti chidalemekeza anthu omwe ankavutikawo ndiponso sichidalemetse makutu osazolowera. Komabe chinali ndi mtengo wake: anthu zikwizikwi adabwerera kwawo atalawa msuzi, ndiwo zenizeni osazikhudza.

Tisaganize kuti kuchepetsa kotereku kumachitika kunja kokha. Mwambo umapatsa raga iliyonse nthawi yake: Bhairav ndi ya mbandakucha, Yaman ya madzulo, Darbari Kanada ya pakati pa usiku. Chikondwerero cha Sawai Gandharva ku Pune, chomwe Bhimsen Joshi adachiyambitsa mu 1953 pokumbukira mphunzitsi wake, kale chinkachezera usiku wonse, moti omvera ankalandira raga iliyonse pa ola lake. Malamulo oletsa phokoso a mu 2000 adaletsa zokuzira mawu kuyambira 10 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa. Malamulowa amateteza tulo ta anthu oyandikana ndi mabwalo, ndipo sitingawanyoze. Koma zotsatira zake n'zakuti raga za usiku waukulu zimaimbidwa nthawi isanakwane, pomwe za m'mawa zimadalira okonza phwando amene angalolere kuziikira nthawi yapadera.

Lero nyimbozi zili ponseponse pa intaneti, ndipo munthu angamvere Bhairav masana ali m'basi. Mwayi umenewu ndi waukulu, koma chojambulidwa sichiyang'ana womvera m'maso, ndipo sichisintha njira chifukwa cha kufuula kwake. Wophunzira zaluso amene akufuna kuweruza nyimbozi mwachilungamo ayambe waphunzira kuwerenga tala, akhale pansi kwa maola angapo, ndipo aunike omvera monga momwe amaunikira woimba. Theka la luso limeneli limakhala pansi pa nsanja.