Mpanda wa pulasitiki wogwirira mbidzi

Kuno ku Malawi kulibe mahatchi akutchire. M'bale wawo amene tili naye ndi mbidzi, ndipo mwana wa kwa Mpama ku Chiradzulu, kumene minda ndi midzi zinathithikana, akafuna kuiona ayenera kupita kumalo monga ku Majete, ku Liwonde kapena ku Nyika. Ku Majete nyama zikuluzikulu zinali zitatha ndi opha nyama mozembera. Kuyambira mu 2003, bungwe la African Parks litagwirizana ndi boma zosamalira nkhalangoyi, nyama zoposa 2,500 zinabwera pa malole, mbidzi zili momwemo. Koma nyama yoluma, ya mateche ndi liwiro ngati imeneyi, amaikweza bwanji pa lole?

Njira yake anaitulukira Jan Oelofse ku Natal, ku South Africa, m'zaka za m'ma 1960. Iye anaona kuti nyama yakutchire siilimbana ndi chinthu chimene siikuona kuseri kwake. Chinsalu cha pulasitiki chimene mbidzi ingaching'ambe ndi teche limodzi, imachiyesa khoma. Luso lonse lagona pamenepa.

Ntchito imayamba ndi mphepo. Akatswiri amasankha malo a mitengo yowirira, n'kuonetsetsa kuti mphepo ikuchokera kwa nyama kubwera kumpanda. Ikatembenuka, fungo la anthu ndi dizilo liwaulula ndipo tsikulo lapita pachabe. Akakhutira, amakunga mawaya awiri kuchoka pamtengo kufika pamtengo, wina m'mwamba wina m'munsi, n'kupachikapo chinsalu chotalika kuposa msinkhu wa munthu. Amachikunga kwambiri, chifukwa chikamakupiza ndi mphepo nyama zimadzidzimuka zisanalowe. Mpandawo umaoneka ngati mono wa nsomba: kukamwa n'kotambalala, koma umanka nupanikiza mpaka kukathera pa kanjira kokwerera mu lole.

M'kati mwake amadutsitsa mawaya ena chopingasa, aliyense ali ndi katani yake. Makataniwo amawasonkhanitsira kumbali n'kuwaphimba ndi nthambi. Pa katani iliyonse pamabisala munthu, atagwira nsonga yake, ali duu.

Kenako helikopita imanyamuka, m'mamawa, m'miyezi yozizira. Woyendetsa sangothamangitsa mbidzi iliyonse imene waiona. Mbidzi zimakhala m'mabanja: yamphongo imodzi, zazikazi zingapo ndi ana ake. Poyenda, yaikazi yaikulu imatsogola, yamphongo n'kumatchinga kumbuyo. Woyendetsayo amapatula banja limodzi lathunthu, pakuti mbidzi zosadziwana zikatsekeredwa pamodzi zimalumana koopsa, ndipo kamwana kotsala kokha sikapulumuka. Amatsika pang'ono zikaima, amakwera zikathamanga mopitirira, maso ali pa kamwana kotsalira. Kudekha kumeneku kuli ndi chifukwa. Nyama yothamangitsidwa kwambiri thupi limatentha, minofu imawonongeka, impso ndi mtima zimafooka, mwina n'kudzafa patapita masiku itafika kale kumalo atsopano.

Mbidzi yomaliza ikangodutsa pakamwa, woyendetsa amaliza sayirini. Wobisala uja amavumbuluka, n'kuthamanga ndi katani yake pawaya mpaka tsidya lina. Akafulumira, banja ligawika pakati. Akachedwa, yamphongo itembenuka n'kutuluka nazo zonse. Mbidzi zikacheuka zimapeza njira yatsekeka, ndiye zimapita kutsogolo, kumene katani yachiwiri imatsekanso kumbuyo kwawo, kenako yachitatu. Malo amanka nachepa, liwiro nalonso n'kumazirala. Kumapeto anthu amayenda kuseri kwa chinsalu n'kumazikankhira ku kanjira kaja osaonekera. Kufikira pamenepa palibe dzanja limene lakhudza nyama.

Lole nayo ili ndi nzeru zake. M'kati muli kamdima kuti nyama zidekhe, pansi n'posaterera, ndipo muli zitseko zogawa zipinda kuti yamphongo yovuta ikhale payokha. Dokotala wa zinyama amakwera padenga ndi jekeseni womangirira kunsonga ya ndodo yaitali, n'kubaya iliyonse pathako mankhwala oziziritsa mtima. Samafuna kuti igone, chifukwa yogwa pansi anzake aiponda. Amangofuna iime chilili, mutu uli pansi, mpaka ulendo utatha. Dalaivala amanyamuka nthawi yomweyo ndipo saimaima panjira, popeza lole ikaima mpweya suyenda, nyama n'kuyamba kumenyana.

Ku America, kumene lamulo la mu 1971 limateteza mahatchi akutchire pa malo a boma, amawagwiranso ndi helikopita ndi mpanda wotere, koma anawonjezapo kaukathyali. Pakamwa pa mpanda amaimika hatchi yoweta yophunzitsidwa bwino. Gulu likayandikira amaimasula, iyo n'kuthamangira m'khola, zinzake zakutchire n'kuilondola. Mbidzi siiwetedwa, choncho kwathu kuno zonse zimadalira mphepo, dzanja la woyendetsa ndege ndi miyendo ya wokoka katani.

Chitseko cha lole chikatseguka kumalo atsopano, ntchito imagwera oteteza nkhalango, amene amayenda pansi kufunafuna misampha ya waya m'njira zopita kumadzi. Ku Liwonde kokha, kuyambira mu 2015, achotsa misampha yoposa 40,000. Ogwira aja amadziwa kuti anaigwira bwino ntchito patatha miyezi, akamva kuti banja lija likudyabe msipu pamodzi ndipo laswa.