Atelala a m'makonde ku Namitete

Fodya akayamba kugulitsidwa ku Kanengo mu Epulo, makina osokera m'makonde a sitolo ku Namitete ndi ku Nsaru sapumanso. Ndalama zafika m'midzi, zinkhoswe ndi maukwati zayandikira, amayi akubwera ndi zitenje zatsopano.

Atelala amenewa ndimawapatsa ulemu. Mayi akangofotokoza diresi limene anaona kutchalitchi, telala amamuyeza ndi tepi, kulemba pansalu ndi choko, sizasi n'kulowa. Maluwa a pachitenje amawakumanitsa pamsoko mwakuti sungaone polumikiza, ndipo zimenezi zimafuna diso ndithu. Kaunjika watchipitsa zovala, komabe chovala cha ukwati anthu amakasoketsa.

Chapafupi, wosoka nsapato amadula nkhwayira kuchokera ku tayala lakale, zosaopa minga ya kumunda.