DON'T STARVE: NJALA YA PA GALASI NDI NJALA YA KU MALAMBO



Pa msonkhano wathu wina kuno ku Jumbe, mnyamata wina anandifunsa funso limene mwina enanu muli nalo. Anati akagulitsa thonje lake afuna kutuma munthu ku Lusaka akamgulire kamakina ka masewera kogwira m'manja. Anafuna kudziwa ngati kamakinako kayenera thukuta la caka conse. Sindinafune kuyankha za m'mutu. Ndinabwereka kamakina kotere kwa msuweni wanga amene agwira nchito ku Mfuwe, ndipo ndinakhala nako milungu iwiri. Kamakinako ndi Nintendo Switch Lite, ndipo sewero limene linalimo ndi Don't Starve. M'cinenero cathu dzinali litanthauza kuti usafe ndi njala. Munthu wa ku Malambo sangamve dzina lotere osachera khutu.

Sewerolo ndi lotani?

Don't Starve linapangidwa ndi kampani ya Klei Entertainment ya ku Vancouver, m'dziko la Canada. Linatuluka pa kompyuta mu 2013, ndipo linafika pa Switch mu 2018. Inu woseweranu mumakhala Wilson, katswiri wa sayansi amene wanyengedwa ndi munthu wa matsenga wochedwa Maxwell ndi kuponyedwa m'chire losadziwika. Palibe wokuuzani cocita. Mumatola udzu, timitengo ndi miyala, mupange nkhwangwa, muchere akalulu, ndipo dzuwa lisanalowe mukhale mutakoleza moto. Mukakhala mumdima wa bii popanda moto kapena muuni, cinthu cosaoneka cimakuphani.

Pa galasi pamaoneka miyeso itatu: mimba, thanzi ndi maganizo. Mimba ya Wilson ikadzaza imatenga masiku awiri okha kuti ikhale pululu. Maganizo akatsika, munthuyo amayamba kuona zithunzithunzi zimene pambuyo pake zimamuukira. Tsiku limodzi la m'sewero ndi mphindi 8 za pa koloko yathu. Ca pa tsiku la 21 cisanu cimayamba, zomera zimaleka kukula, ndipo amene sanasunge cakudya amaona zakuda. Mukafa musanakonze njira yodzukiranso, zonse munamanga zimatha, muyambanso pa tsiku loyamba. Ine ndinafa kasanu ndisanaone cisanu.

Kodi liyenda bwanji pa kamakinaka?

Kunena zoona, liyenda bwino. Zithunzi zake zili ngati zojambula ndi colembera pa pepala, sizifuna makina amphamvu, ndipo pa kagalasi ka mainchesi 5.5 zimaoneka zoyera. Wilson amamvera batani msanga. Sewerolo likangolowa m'makina silifunanso intaneti, cinthu cokondweretsa kwa ife amene bandulo timaigula mowerengera. Amai akakuitanani kuti mukatunge madzi, mumangokagoneka, ndipo pobwerako mupeza Wilson ali pomwe munamsiya.

Koma zilema zilipo. Coyamba, sewerolo linabadwira pa kompyuta, pamene munthu amaloza ndi dzanja cinthu ceniceni cimene afuna. Pa Switch mumayendetsa ndi kamtengo ka pa cala, ndipo sewero limakusankhirani cinthu cili pafupi. Zinthu zikaunjikana pa msasa, mufuna kutola nkhuni koma mwatola mwala, pamene agalu olusa ali kale pakhosi. Caciwiri, malemba ndi aang'ono, ndipo Switch Lite siilumikizika ku TV monga mkulu wake. Masana panja galasi limagonja ku dzuwa. Usiku wa m'sewero, umene ndi wakuda kale, suoneka konse. Cacitatu, palibe Cinyanja kapena Cikunda, ndiye wosadziwa Cingelezi adzavutika kuwerenga maina a zipangizo.

Vuto lalikulu kwa ife ndi moto ndi kutentha. A Nintendo amanena kuti batire la Switch Lite limakhala maola 3 mpaka 7, malinga ndi sewero, ndipo kulichaja kuti lidzaze kumatenga pafupifupi maola 3. Tawerengani nokha. Maola 3 ndi masiku 22 a Wilson. Kumene magetsi sacoka zimenezi si nkhani. Koma kumbukirani 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kusowa kwa maola ambiri pa tsiku. M'midzi yathu yambiri kasola kamodzi ndiko kachaja foni ya atate, wailesi ndi nyali imene mlongo wanu awerengera pokonzekera mayeso. Kamakinaka nako kali ndi mimba, ndipo kamadya m'mbale imodzi ndi banja.

Za kutentha, eni ake amalangiza kuti kazigwiritsidwa nchito pamalo a madigiri 5 mpaka 35. Inu mudziwa October wa kuno, pamene dzuwa limapyola madigiri 40 ndipo ngakhale nkhuku zimayasamula pansi pa nkhokwe. Masana a miyezi imeneyo kamakinaka kayenera kugona. Onjezanipo fumbi, ndiponso kuti kakaonongeka simudzapeza zitsulo zake pa msika wa pa Jumbe. Pamene kanatuluka mu 2019 mtengo wake ku America unali madola 200, sewero mugula padera. Funsani mtengo wa dola lero, ndipo muwerenge matumba a feteleza amene alowa m'ndalama imeneyo.

Zimene sewerolo lanena zoona

Sindifuna kulinamizira. Muli nzeru zina zimene agogo athu angavomereze. Cakudya cimavunda mukacisunga cisawawa, koma nyama yoyanika pa thandala imakhalitsa, monga mfutso wa amai. Ndowe za nyama zonga njati zimalemeretsa munda. Kuti mupange thandalalo ndi mphika wophikira mufuna makala, ndipo makala mupeza potentha mitengo. Mukacita mosasamala moto umalusa ndi kumaliza nkhalango yonse. Mukadula mitengo yambiri, mtengo wina umadzuka ndi kukuthamangitsani, ndipo mkwiyo wake umaphwa mukabzala ina. Pa cisanu kumabwera cilombo cacikulu cochedwa Deerclops cimene cimaphwanya m'kanthawi kocepa zonse munamanga m'masiku ambiri. Nditaciona ndinakumbukira nkhope ya mlimi amene wadzuka m'mawa ndi kupeza njovu zadutsa m'munda wake.

Phunziro lake lalikulu ndi lakuti njala imagonjetsedwa isanafike. Amene adikira cisanu kuti ayambe kusunga wafa kale. Limeneli ndi phunziro labwino kwa mnyamata amene amagulitsa cimanga conse mu June ndi kucigulanso pa mtengo wokwera mu January.

Pamene sewerolo lasocera

Komabe pali bodza limodzi pa mtima pa seweroli, ndipo ndilo candilembetsa nkhani ino. Wilson ali yekha. Alibe mnansi, alibe mpingo, alibe mfumu. Ciliconse cimene aona ndi cakudya, cida kapena mdani. Ngakhale anthu onga nkhumba amene amakumana nao amamtsata cifukwa wawapatsa nyama, ndipo ubwenziwo umatha nyamayo ikaiwalika. Wopambana ndi iye amene waunjika zambiri pa msasa wake. Zoona, a Klei anapanganso lina lochedwa Don't Starve Together, limene anthu amasewera pamodzi, ndipo linafika pa Switch mu 2022. Koma limene tikuweruza pano ndi la munthu mmodzi.

Kodi kuno tinapulumukapo motero? Pa 29 February 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse. Inu amene munaona cimanga cikufota cisanabereke, takumbukirani cimene cinakusungani. Mbale ya ufa inali kudutsa mpanda kucoka kwa mnansi. Mbale wa ku Chipata anali kutumiza kangacepe pa foni. Amai a mumpingo anali kuyendera nkhalamba ndi odwala. Ndipo pa nkhani ya njovu, palibe amene amalonda munda yekha usiku wonse. Wina ali m'cilindo uku, wina uko. Wina akaomba citini onse adzuka, ena ndi nyali, ena ndi utsi wa tsabola. Akulu anati mutu umodzi susenza denga, ndiponso kupatsa ndi kuika. M'dziko la Wilson miyambi imeneyi ilibe nchito.

Tawerenganinso nkhani ya Yosefe pa Genesis 41. Iyenso anasunga tirigu zaka 7 za dzinthu pokonzekera zaka 7 za njala. Kufikira pamenepo afanana ndi wosewera wocenjera. Kusiyana kwake ndi kwakuti nkhokwe za Yosefe zinatsegulidwa, ndipo anadyako Aigupto, alendo, ngakhale abale ake amene anamgulitsa.

Cinanso, njala ya pa galasi ilibe manyazi, ilibe mwana wolira usiku, ndipo wakufa amangodina batani ndi kuyambanso. Samalani kuti kuseka imfa ya Wilson kusakuumitseni mtima pa njala ya mnzanu wa m'kalasi amene wabwera kusukulu osadya.

Makolo ndi atsogoleri adziwenso kuti m'seweroli muli za matsenga, mizukwa ndi zipangizo zodzutsira wakufa. Ndi zojambula cabe, koma si za ana aang'ono. Ku America linaikidwa m'gulu la a zaka 13 kupita m'mwamba. Ngati cikumbumtima canu cikana, musadzikakamize, ndipo musanyoze mnzanu amene wakana.

Ciweruzo canga

Monga sewero, Don't Starve ndi lopangidwa mwaluso, lovuta, ndipo limafuna kuganiza. Pa Switch Lite liyenda mosadandaulitsa, kupatula malemba aang'ono ndi kusankha zinthu kovuta kuja. Ngati mbale wanu ali nako kale kamakinaka, bwerekani, sewerani madzulo kukazizira nchito zitatha, ndipo muzipatsana. Dziikireni malire, cifukwa mau akuti "tsiku limodzi lokha" ndiwo anandigoneka pakati pa usiku kawiri, ndipo m'mawa mwake ndinacedwa ku mapemphero.

Koma kwa iwe mng'ono wanga wa thonje, ndi kwa ena onse a maganizo onga ako, yankho langa ndi ili: usagule caka cino. Yamba wafunsa amai ngati cimanga ca m'nkhokwe cidzafika March. Ngati ayamba ayang'ana pansi asanayankhe, wadziwa kumene ndalama yako iyenera kupita.

Zokambirana m'gulu lanu

1. Ndani anathandiza banja lanu pa cilala ca 2024, ndipo munamthokoza?
2. Kodi gulu lanu lingalime kamunda ka pamodzi, kapena kusunga thumba limodzi la cimanga la okalamba a mumpingo?
3. Ndi zinthu ziti zimene zimakudyerani nthawi ndi ndalama mwakacetecete?

Ambuye akusungeni nonse kufikira tidzacezenso.