Kuunika MasakhaNER 2.0: Kodi Makina Angatole Mfundo za Sayansi M'Chinyanja?

Mawu Otsogolera

Luso lophunzitsa kompyuta kutola mfundo m'zolembedwa linakhwima pa misonkhano ya Message Understanding Conference ku America, ndipo msonkhano wa 1995 ndiwo unakhazikitsa ntchito yozindikira maina ngati nthambi yapayokha. Chiyankhulo chathu chinalowa bwino m'bwaloli mu 2022, pamene gulu la Masakhane linatulutsa MasakhaNER 2.0, nkhokwe ya ziganizo za m'ziyankhulo 20 za mu Africa, kuphatikizapo Chichewa. Cholinga cha nkhani ino ndi kuunika nkhokweyi poiyeza ndi zolembedwa za sayansi ya ulimi, ndi kuonetsa kuti pamene yaperewera ndi pamene pali mpata wa kafukufuku wa digiri ya udokotala.

Ubwino ndi Malire Ake

Ntchitoyi ndi yotamandika chifukwa maina anaikidwa zizindikiro ndi eni ake chiyankhulo. Komabe ziganizo zake zinatengedwa m'nyuzipepala, ndipo magulu a maina ndi anayi okha: anthu, malo, mabungwe ndi masiku. Makina ophunzitsidwa motere adzazindikira Chongwe ngati malo, koma adzadumpha dzina la mbewu, la tizilombo ndi la mankhwala, zomwe ndi mutu wa nkhani kwa katswiri wa zaulimi.

Chitsanzo cha ku Chongwe

M'boma la Chongwe muli Kasisi Agricultural Training Centre, imene ansembe a Chijezwiti anatsegula mu 1974, ndipo imaphunzitsa alimi kubwezeretsa chonde popanda feteleza wa m'sitolo. Tikalingalira zolembedwa za ulimi wotere, mavuto atatu amaonekera.

Loyamba ndi la maina ambiri a chinthu chimodzi. Mtengo wa msangu, umene umayoyola masamba m'dzinja n'kumalola chimanga kukula pansi pake, ku Zambia umalembedwanso kuti musangu. Akatswiri a zomera amautcha Faidherbia albida, koma mabuku akale amati Acacia albida. Makina osadziwa kuti maina anayiwa ndi mtengo umodzi adzagawa umboni panayi. Chimodzimodzinso mtedza wa ku Malawi ndi nsawa za kum'mawa kwa Zambia.

Lachiwiri ndi la kalembedwe. Malamulo amene boma la Zambia linavomereza mu 1977 amalemba c pamene Malawi amalemba ch. Munthu savutika kuona kuti cimanga ndi chimanga ndi mawu amodzi, koma kwa kompyuta yophunzira zolembedwa za dziko limodzi ndi mawu awiri.

Lachitatu, lomwenso ndi lalikulu, lili m'mneni. Onani ziganizo izi:

(1) Chimanga chinabereka bwino pansi pa msangu.
(2) Chimanga sichinabereke bwino pansi pa msangu.

Maina ndi omwewo, koma zotsatira n'zotsutsana. Kukana kwabisala mu mphatikiram'mbuyo si- ndi m'kusintha kwa lembo lotsiriza la mneni. Makina otola maina okha adzaika ziganizo ziwirizi m'thumba limodzi, ndipo mlangizi wodalira makinawo adzasocheretsa mlimi.

Mpata wa Kafukufuku

Wina angatsutse kuti sayansi yambiri ya ku Zambia imalembedwa m'Chingerezi. Izi n'zoona, komatu n'chifukwa chake ntchitoyi iyenera kukhala ya ziyankhulo ziwiri: kutola mfundo m'malipoti a Chingerezi ndi kuzilumikiza ku mawu amene mlimi amagwiritsa ntchito. Kukula kwake sikoopsa. Nkhokwe ya GENIA ya 2003 inali ndi zidule za nkhani za sayansi ya zamoyo pafupifupi 2,000, pamene SciERC ya 2018 inali ndi 500 zokha. Wophunzira mmodzi wakhama angathe kusonkhanitsa zofanana ndi zimenezi, makamaka atagwirizana ndi aphunzitsi a pa Chalimbana University, yomwenso ili m'boma lomweli. Ayeneranso kulemba maina a zomera a Chisoli, chiyankhulo cha eni nthaka a Chongwe.

Mawu Omaliza

MasakhaNER 2.0 yalambula njira, koma sinafike kumunda. Chigamulo chakuti mawu awiri ndi amodzi, kapena chakuti mneni wakana, n'cha katswiri wa chiyankhulo. Madipatimenti athu akasiyira ntchitoyi akatswiri a makompyuta okha, zigamulozo zidzapangidwabe, koma ndi anthu amene sanaphunzire galamala ya Chinyanja.