Sikelo Yoyezera Aphunzitsi a Ukachenjede

Mlimi wa kwa Kaomba akapita ndi fodya ku okushoni ya Chinkhoma, belo limatsegulidwa poyera, masamba amaonedwa, mtengo nulembedwa pa tikiti. Ngakhale adandaule, amadziwa chimene chayesedwa. Ndalama za fodyayo, monganso za usipa kunyanja kuno, ndizo zimalipirira mwana ku Bunda kapena ku Zomba. Nanga mphunzitsi amene akamulandire mwanayo amayesedwa ndi sikelo yotani?

Masukulu a ukachenjede amakweza mphunzitsi poyang'ana kwambiri kuchuluka kwa kafukufuku amene wasindikiza. Kafukufuku ndi wofunika, koma sikelo imeneyi ili ndi diso limodzi. Amene amakonzekera phunziro mokwanira, nachonga mayeso mwachilungamo, nabweza zolemba za ophunzira pa nthawi yake, ntchito yake siilemera kwenikweni. Mafomu amene ophunzira amadzaza nawonso sathetsa vutoli, chifukwa wophunzira amazengereza kudzudzula munthu amene wagwira malikisi ake.

Choopsa koposa ndi pamene sikelo ilandidwa ndi andale. Mu February 2011, mkulu wa apolisi Peter Mukhito adafunsa Dr Blessings Chinsinga wa ku Chancellor College za chitsanzo chimene adapereka m'kalasi. Aphunzitsi adaleka kuphunzitsa, anayi adachotsedwa ntchito, kuphatikizapo Jessie Kabwila-Kapasula ndi Garton Kamchedzera, ndipo adabwezedwa mu October. Miyezi yonseyo, amene adaluza ndi ana a alimi ndi asodzi.

Ife Asilamu nkhani yoyesa aphunzitsi si yachilendo. Akatswiri a Hadith monga Imam Bukhari, amene adamwalira mu 870, sadali kulandira nkhani asanaunike woifotokoza pa zinthu ziwiri: kulungama kwa khalidwe ndi kusunga molondola zimene adamva. Ambiri mwa iwo sadali kuvomera kuti munthu wodziwika ndi kukhulupirika anyozedwe popanda kutchula chifukwa chake. Kuyandikana ndi mfumu sikudali umboni.

Bungwe la NCHE, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, pamodzi ndi makhonsolo a masukulu, atengerepo phunziro. Mphunzitsi aziunikidwa ndi akatswiri anzake amene akhaladi m'kalasi mwake. Chigamulo chizilembedwa ndi zifukwa zake, mwiniwake apatsidwe mpata woyankha, ndipo wophunzira wodandaula atetezedwe. Ana amene timawatumiza kumeneko ndi amana, ndipo kholo lili ndi ufulu wofunsa amene wagwira sikelo.